Mutu 9: Kuyenda ndi Ophunzira mu Mpata wa Mtsinje

Chiyambi

Phunziro la malo ndi lovuta kuliphunzitsa ndi choko chokha. Mutha kujambula mtsinje pabolodi, ophunzira n'kukopera bwinobwino m'makope mwawo, koma mukafunsa kuti, "Nanga n'chifukwa chiyani mtsinjewu unakumba pano osati apo?" kalasi yonse imangoti zii. Pa chifukwa chimenechi aphunzitsi ambiri amalakalaka atatenga ophunzira awo kuti akadzionere okha. Paja akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Komatu ulendo wotere uli ndi udindo wolemera. Makolo akakupatsani ana 20 m'mawa, madzulo akufuna alandire ana 20, onse ali bwinobwino.

M'mutu uno tiona malo awiri enieni. Oyamba ndi mipata ya phiri la Table Mountain mumzinda wa Cape Town ku South Africa, kumene kukukhala Amalawi ambiri. Achiwiri ndi mpata wa Batoka pa mtsinje wa Zambezi, m'malire a Zambia ndi Zimbabwe, umene madzi anaukumba m'mwala wakuda wotchedwa basalt. Malowa tawaika pamodzi dala. Mukawayerekeza mudzaona mfundo imodzi imene mutu wonse uno waimapo: mtundu wa mwala ndiwo umaumba mpata, ndipo maumbidwe a mpata ndiwo amakuuzani mmene muyenera kuyenderamo.

Patulani maola atatu owerengera mutu uno ndi kuchita ntchito zake. Mukhale ndi kope, pensulo ndi mapu a kummwera kwa Africa.

Zolinga

Pomaliza pa mutu uno mudzatha:
- kufotokoza mmene mpata wa mtsinje umapangikira;
- kusiyanitsa mwala wa basalt ndi mwala wa mchenga;
- kutchula zoopsa za mu mpata ndi zimene zimazichititsa;
- kuwerengera nthawi ya ulendo wokwera kapena wotsika;
- kugwiritsa ntchito ulendo pophunzitsa kuwerenga ndi kulemba.

Kodi mpata n'chiyani?

Mawu oti "mpata" timawadziwa tonse. Ndi malo opapatiza odutsa pakati pa zinthu ziwiri. M'mutu uno tikamati mpata tikutanthauza chigwa chozama, chopapatiza, cha zipupa za miyala zoimirira mbali zonse ziwiri, chimene pansi pake pamadutsa madzi. Dzina la Mpatamanga, pamene mtsinje wa Shire umadutsa pakati pa mapiri, likutikumbutsa mawu omwewa.

Chigwa wamba chimakhala chotakasuka chifukwa dothi la m'mbali mwake limagumukira pansi pang'onopang'ono. Mpata umapangika pamene mtsinje ukukumba pansi mofulumira kuposa mmene m'mbali mukugumukira. Kuti zimenezi zichitike pamafunika zinthu zitatu: mwala wolimba woti zipupa zake zithe kuima chilili, madzi othamanga onyamula mchenga ndi timiyala tokhulira pansi, ndiponso malo ofooka m'mwalamo pamene madziwo angayambire kukumba. Malo ofookawa kawirikawiri amakhala ming'alu. Musaiwale mawu amenewa, chifukwa ming'alu tikumana nayo kulikonse m'mutu uno.

Miyala ya ku Cape Town

Phiri la Table Mountain, limene anthu a mtundu wa Khoekhoe ankalitcha Hoerikwaggo, ndi lalitali mamita 1,086 pa nsonga yake yotchedwa Maclear's Beacon. Dzina la Maclear silachilendo kwa ife. Thomas Maclear anali katswiri wa zakuthambo ku Cape Town, ndipo David Livingstone, amene anali bwenzi lake, ndiye anatcha malo a ku Mangochi aja kuti Cape Maclear pomulemekeza.

Phirili lili ngati nyumba yomangidwa pa maziko a mwala wina. Pansi pake pali mwala wa granite, umene unauma pang'onopang'ono pansi pa nthaka zaka pafupifupi 540 miliyoni zapitazo. Pamwamba pa granite pali mwala wa mchenga. Mwala umenewu unayamba ngati mchenga wosanjikizana m'madzi zaka zoposa 450 miliyoni zapitazo, kenako unapanikizika n'kulimba kwambiri. N'chifukwa chake phirili limaoneka la mizeremizere yopingasa ngati njerwa za khoma. Ku Sea Point, m'mphepete mwa nyanja, kuli malo amene granite analowerera m'miyala yakale kuposa iye. Charles Darwin anafika pamalopo mu 1836 kudzaona zimenezi.

Mwala wa mchenga uli ndi ming'alu yoimirira, ndipo madzi a mvula akhala akuikulitsa kwa zaka zosawerengeka. Umo ndi mmene unapangikira mpata wa Platteklip, umene umaoneka ngati chipsera pakati pa phiri mukaliyang'ana muli mumzinda. Dzinali limatanthauza mwala wathyathyathya. Mzungu woyamba amene mbiri inalemba kuti anakwera phirili, António de Saldanha wa ku Portugal, anadzera mu mpata umenewu mu 1503. Mbali ina ya phiri kuli mpata wa Skeleton, woyambira m'munda wa zomera wa Kirstenbosch umene unakhazikitsidwa mu 1913. Mpata wa Platteklip ndi wa dzuwa, mthunzi mulibe wokwanira. Wa Skeleton ndi wa nkhalango, wachinyezi, ndipo pena mumakwera pa makwerero a matabwa pafupi ndi madzi.

Ku Table Mountain kulibe mpata wa basalt. Komabe m'bale wake wa basalt aliko. M'miyala ya granite ya m'mphepete mwa nyanja, monga cha ku Llandudno ndi ku Simon's Town, muli mizere yakuda ya mwala wotchedwa dolerite. Dolerite ndi basalt amachokera ku chiphalaphala cha mtundu umodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti dolerite anaumira m'ming'alu pansi pa nthaka, pamene basalt anatulukira kunja n'kuumira pamtunda. Amene munayendapo pa basi kuchokera ku Cape Town kupita ku Johannesburg munaona timapiri ta mitu yathyathyathya m'dera louma la Karoo, monga Three Sisters kupitirira Beaufort West. Zipewa za timapiri timeneti ndi dolerite. Tikatsata chiphalaphala cha nthawi imeneyo kulowera kumpoto, chimatifikitsa ku Zambezi.

Basalt ndi mpata wa Batoka

Zaka pafupifupi 180 miliyoni zapitazo, Africa, South America, Antarctica, India ndi Australia zinali zisanapatukane kwenikweni. Pa nthawi imeneyo nthaka inang'ambika m'malo ambiri kummwera kwa Africa, ndipo chiphalaphala cha moto chinatuluka n'kuyenderera ngati phala lotayika pambale. China chikauma, china chinkabwera pamwamba pake, mpaka panakhala miyala yosanjikizana yokhuthala kwambiri. Mapiri aatali a ku Lesotho ndi Drakensberg ndi otsala a miyala imeneyi. Ku Semonkong m'dziko la Lesotho, mathithi a Maletsunyane amagwa mamita 192 kulowa mu mpata wa basalt. Dera la Victoria Falls nalonso lakhala pa basalt wa nyengo yomweyo.

Basalt mungamuzindikire motere. Ndi wakuda kapena wotuwa moderako, ngakhale kunja kwake kumatha kufiirira ngati dzimbiri. Ndi wolemera m'manja. Timibulu take ndi tating'ono kwambiri, sitioneka ndi maso, chifukwa anauma mofulumira. Nthawi zina amakhala ndi timabowo ta mpweya, ndipo tina mwa timabowoti tinadzaza ndi timiyala toyera. Mwala wa mchenga ndi wowala, ndipo mukausisita ndi chala mumamva mchenga wake.

Chiphalaphala chikamazizira chimakhwinyata n'kung'aluka. Munaonapo dothi la m'dambo mmene limang'alukira m'mwezi wa Okutobala? Ndi chimodzimodzi. Ku Victoria Falls ming'alu ikuluikulu inayenda chopingasa, kuchokera kummawa kupita kumadzulo, ndipo pambuyo pake inadzaza ndi dongo ndi miyala ina yofewa. Mtsinje wa Zambezi pamalowa umachokera kumpoto kupita kummwera, choncho umadutsa ming'aluyi chopingasa. Ukapeza mng'alu umakokolola zofewa zija, n'kusiya dzenje lalitali lozama. Madzi onse amagwera m'dzenjemo, ndipo amenewo ndiwo mathithi. Mathithi a lero, Mosi-oa-Tunya, ndi otambalala mamita 1,708 ndipo pozama kwambiri madzi amagwa mamita 108.

Koma mtsinje supuma. Pa mlomo wa mathithi umapeza malo ena ofooka, n'kuyamba kudya chobwerera m'mbuyo mpaka utakumana ndi mng'alu wina wopingasa. Ukautsegula, mathithi amasamukira pamenepo, ndipo dzenje lakale limatsala ngati mpata wongodutsamo madzi. Zimenezi zachitika kangapo. N'chifukwa chake kumunsi kwa mathithi mtsinje umakhotakhota mwamphamvu, uku n'kubwerera uku, ngati msoko wa singano. Mipata yoyambirira anaipatsa manambala, Woyamba mpaka Wachisanu, kenako pali wa Songwe. Uliwonse mwa imeneyi unali malo a mathithi pa nthawi yake. Kumbali ya Zimbabwe, pa Devil's Cataract, mlomo wa mathithi ndi wotsika kuposa pena ponse. Apo ndi pamene mtsinje wayambira kukumba njira ya mathithi a m'tsogolo.

Kupitirira apa mpata wa Batoka umapitirira mtunda woposa makilomita 100. Zipupa zake zimazama kuyambira mamita oposa 100 pafupi ndi mathithi, mpaka kupitirira 200 kumunsi. Alendo ambiri amathera pa mathithi ndi pa mlatho umene unatha kumangidwa mu 1905. Kumunsiko ndi kutchire. Misewu yofika m'mphepete mwa mpata ndi yochepa ndiponso yafumbi, ndipo njira zotsikira kumadzi ndi zowerengeka. M'zipupa zake munkaswana mbalame zosowa monga kabawi wotchedwa Taita falcon. Livingstone anaona mathithiwa mu Novembala 1855, koma anthu a mtundu wa Toka-Leya, monga a kwa Mfumu Mukuni, anali akukhala m'derali kale. Bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1989.

Ntchito 1

Tengani beseni lalikulu kapena konzani malo otsetsereka pang'ono panja. Yalani dongo lolimba lokhuthala ngati chikhatho. Ndi mpeni dulani ming'alu itatu yopingasa, ndi timing'alu tina toilumikiza m'mapeto mwake, kamodzi kumanja, kenako kumanzere. Dzazani ming'alu yonse ndi mchenga. Thirani madzi pang'onopang'ono kuchokera kumtunda. Lembani m'kope mwanu zimene zachitika kwa mchenga ndi njira imene madzi atsata. Kodi mungawafunse mafunso ati ophunzira anu asanathire madziwo?

Zimene mwala umamuuza woyenda

Tsopano tifike pa nkhani ya miyendo. Pali zinthu zinayi zimene mphunzitsi ayenera kuziwerenga pa malo asanaponde.

Choyamba ndi dongosolo la kutopa. Ku Platteklip mumayamba ndi kukwera muli ndi mphamvu. Zikakukanikani mumatembenuka, n'kutsika. Ku Batoka n'zosemphana. Mumayambira pamwamba pa chidikha n'kutsika, ndipo kutsika kumanyenga. Ana amaseka, amathamanga, amamwa madzi awo mosaganiza. Ntchito yeniyeni ili pobwerera, dzuwa litakwera, miyendo itatopa, mabotolo atapepuka. Amene watsika mu mpata ali ndi ngongole ya chitunda, ndipo palibe womulipirira. Ngakhale kanjira kodziwika kotsikira ku Boiling Pot, kumbali ya Zambia pafupi ndi mlatho, kamapumitsa anthu ambiri wefuwefu pobwerera.

Chachiwiri ndi popondera. Mwala wa mchenga ukauma umagwira nsapato bwino, ndipo poti ndi wosanjikizana umapanga masitepe. Vuto lake limabwera ukanyowa kapena ukamera ndere, monga mu mpata wa Skeleton nthawi ya mvula. Basalt wa m'mphepete mwa Zambezi anasalazidwa ndi madzi, ndipo akanyowa amaterera ngati sopo. M'zitunda basalt amasweka timiyala tosongoka timene timagubuduka munthu akaponda. Woyenda pamwamba akhoza kugwetsera mwala amene ali pansi pake. Choncho pamalo otere ophunzira ayende motalikirana, ndipo mwala ukagubuduka wina afuule msanga.

Chachitatu ndi kutentha ndi kuzizira. Mwala wakuda umamwa dzuwa. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kwa dera la Batoka kumatha kupitirira madigiri 35, ndipo m'kati mwa mpata, mopanda kamphepo, miyala imawotcha ngakhale m'manja. Ku Table Mountain zoopsa zimabwera mbali ziwiri. M'munsi mwa Platteklip dzuwa limaswa mtengo, koma pamwamba pamazizira, chifukwa mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera. M'chilimwe cha kumeneko mphepo yochokera kummwera chakummawa imabweretsa mtambo umene umaphimba phiri ngati nsalu ya patebulo. M'kanthawi kochepa munthu saonanso njira, chonsecho m'mphepete muli maphompho. Kuyambira mu 1929 pali ngolo zoyenda pa chingwe zokweza ndi kutsitsa anthu, koma mphepo ikakula zimaima. Musakwere ndi maganizo oti "tikatsika pa ngolo". Konzekerani ngati mudzatsika wapansi.

Chachinayi ndi madzi. Mvula ya ku Cape Town imagwa m'nyengo yozizira, makamaka Juni mpaka Ogasiti, pamene kwathu kuli mwera ndi chisanu chouma. Mphunzitsi wochokera ku Malawi asatengere kalendala ya kwawo. Ku Batoka nako madzi ali ndi kalendala yawoyawo. Madzi ambiri a Zambezi amachokera ku mvula ya kutali, ku Angola ndi kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, ndipo amachedwa m'madambo a Barotse. Motero mtsinje umadzaza kwambiri cha m'ma Epulo, mvula itayamba kale kutha, ndipo umaphwera kwambiri cha mu Okutobala ndi Novembala. Poti mpata ndi wopapatiza, madzi alibe kofalikira. Amangokwera m'mwamba. Malo amene munthu anakhalapo n'kudya kamba wake mu Sepitembala amakhala pansi pa madzi mu Epulo.

Pali ngozi inanso ya timitsinje touma tolowa mu mpata. Mvula ikagwa kumtunda, kumene inu simukuona, madzi amatha kufika mwadzidzidzi atanyamula miyala ndi mitengo. Amalawi sitifunika kuuzidwa zambiri za mphamvu ya madzi otsika m'phiri. Tikukumbuka Napolo wa ku Zomba mu 1946, wa ku Phalombe mu 1991, ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023. Mukamva mabingu ngakhale patali, kapena mukaona madzi a m'kamtsinje asanduka matope, chokani m'khwawa mukwere pamtunda nthawi yomweyo.

Kuwerengera nthawi

Anthu ambiri amayesa ulendo ndi makilomita okha. Kuphiri ndi ku mpata zimenezi sizikwanira. Mu 1892 munthu wina wokwera mapiri wa ku Scotland, William Naismith, anapereka njira yosavuta yowerengera: ola limodzi pa makilomita 5 alionse, kuwonjezapo ola limodzi pa mamita 600 alionse okwera. Iyi ndi nthawi ya munthu wamkulu wamphamvu, wosapumira. Ndi gulu la ophunzira ndikukulangizani kuwonjezapo theka la nthawi imene mwapeza.

Tiyeni tiyese ndi Platteklip. Njira yake ndi ya makilomita pafupifupi 3, ndipo mumakwera mamita pafupifupi 700.
- Mtunda: makilomita 3 ndi mphindi 36.
- Kukwera: mamita 700 ndi mphindi 70.
- Zonse pamodzi: mphindi 106.
- Kuwonjeza theka: mphindi 159, kapena kuti maola 2 ndi mphindi pafupifupi 40.

Mwaona? Makilomita 3, amene pamsewu ndi ulendo wopita kumsika, asanduka theka la m'mawa. Ndiye simunawerengere kutsika, kudya ndi kuphunzira.

Mukatha kuwerengera, sankhani ola lobwerera. Limeneli ndi ola limene gulu lidzatembenuke, kaya lafika kumene limapita kaya ayi. Liuzeni gulu lonse musananyamuke. Ana adzadandaula kuti, "Aphunzitsi, patsala pang'ono!" Musagonje. Phiri silisamuka, mudzabweranso.

Ntchito 2

Gulu lanu likufuna kutsika mu mpata wozama mamita 200 pa njira ya kilomita imodzi ndi theka. Werengerani nthawi yokwera pobwerera, ndipo muwonjeze theka. Ngati mukufuna kuti pofika 11 koloko m'mawa onse akhale atatuluka mu mpata, kodi muyenera kunyamuka pansi nthawi yanji? Lembani zifukwa ziwiri zimene mungayambire kubwerera msanga kuposa pamenepo.

Kukonzekera ulendo

Kukonzekera kumayamba masabata angapo tsiku lisanafike. Tsatani izi:

1. Pitani nokha kaye mukayende njirayo. Musatengere ophunzira njira imene mapazi anu sakuidziwa.
2. Pezani chilolezo cha mphunzitsi wamkulu ndi cha makolo, cholembedwa. Funsani za matenda monga mphumu, khunyu ndi shuga, ndipo mankhwala a odwalawo anyamulidwe.
3. Lankhulani ndi oyang'anira malo. Table Mountain ili m'manja mwa bungwe la SANParks. Ku Victoria Falls mbali iliyonse ya mtsinje ili ndi oyang'anira ake. Iwo ndiwo angakuuzeni njira zotsegula, malipiro ndi malamulo a nthawi imeneyo.
4. Ku malo akutali ngati kumunsi kwa Batoka musapite popanda wolondolera njira wa komweko. Ngati njira ikudutsa m'mudzi, yambani mwaonekera kwa amfumu. Safunsa anadya phula.
5. Yesani malo ndi msinkhu wa ophunzira. Ana a pulayimale angaphunzire zambiri ataima pamalo oonera otetezedwa kapena m'munsi mwa phiri. Kutsika mu mpata wakutali n'kwa ophunzira akuluakulu ozolowera kuyenda, m'gulu laling'ono.
6. Pakhale akuluakulu osachepera atatu, amayi ndi abambo. Wina akavulala, mmodzi atsale naye, wina akaitane thandizo, wachitatu asunge gulu.
7. Siyani uthenga kwa munthu wodalirika: njira imene mudzere, mayina a onse, ola lobwerera, ndi chochita ngati simunafike. Foni musaidalire kwambiri, chifukwa m'mipata yozama netiweki imasowa. Ku South Africa nambala ya 112 imagwira pa foni ya m'manja pa ngozi, ndipo ku Western Cape kuli gulu lopulumutsa anthu m'mapiri lotchedwa Wilderness Search and Rescue. Lembani manambala awo papepala musananyamuke.

Aliyense anyamule madzi osachepera malita awiri, ndipo kotentha ngati ku Batoka awonjezere. Anyamulenso chipewa, nsapato zotseka zogwira pansi, chakudya chosavuta monga mtedza, nthochi ndi mbatata yophika, ndiponso juzi kapena jekete ngati mukukwera Table Mountain, ngakhale kunja kutacha bwino. Inu aphunzitsi munyamule bokosi la chithandizo choyamba, tochi, wezulo, mapu ndi mapaketi a ORS. Akasowa, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino.

Tsiku la ulendo

Nyamukani m'mamawa. Wamkulu mmodzi atsogole, wina atsalire kumbuyo kwenikweni, ndipo woyenda pang'onopang'ono ndiye aike liwiro la gulu. Werengani ophunzira ponyamuka, popumira paliponse, ndi pofika. Mwana aliyense akhale ndi mnzake womuyang'anira.

Yang'anitsitsani mwana amene wasiya kulankhula. Mutu, chizungulire, mseru ndi kufooka ndi zizindikiro zoti dzuwa lamupweteka. Mukhazikeni pamthunzi, mumasuleni zovala, munyowetseni thupi, ndipo amwe pang'onopang'ono. Akayamba kulankhula zosamveka kapena kukomoka, imeneyo ndi ngozi yaikulu, itanani thandizo msanga.

Kusambira mu Zambezi mu mpata n'koletsedwa kwa gulu lanu, ngakhale kwa mwana wa kunyanja amene amati amatha. Madzi a pamenepo amazungulira n'kukokera pansi. Anyani musawapatse chakudya ndipo zikwama zikhale zotseka. Poponda ndi pogwira yang'anani kaye, chifukwa njoka ngati mphiri sithawa msanga. Moto musayatse. Zomera za fynbos za ku Cape zimayaka msanga m'chilimwe, ndipo moto wa pa phirili mu Epulo 2021 unafika mpaka pa yunivesite ya Cape Town n'kuwononga laibulale ya Jagger. Zinyalala zonse zibwerere m'zikwama.

Ulendo ngati phunziro la kuwerenga ndi kulemba

Ulendo usathere pa kujambulitsa zithunzi. M'sukulu za kwacha timatsata mfundo imene Paulo Freire wa ku Brazil anaitchukitsa, yoti munthu amaphunzira kuwerenga msanga ndi mawu ochokera m'moyo wake. Mwana amene wagwira basalt wotentha ndi dzanja lake ali ndi mawu ambiri ofuna kutuluka.

Muli pamalopo, apatseni ophunzira mafunso atatu okha: Mwalawu ndi wamtundu wanji? Ming'alu yake yaloza kuti? Madzi akadzaza amafika pati, ndipo mwadziwa bwanji? Funso lachitatuli limawaphunzitsa kufufuza zinyalala zokodwa m'mitengo ndi mzere wa miyala yosalala.

Mukabwerera, ajambule mapu a ulendo pansi ndi timitengo, miyala ndi phulusa, kenako awakopere papepala. Afotokoze ulendowo m'mawu awoawo, inu muzilemba pabolodi mmene akunenera, ndipo nkhaniyo ikhale yowerenga ya sabata imeneyo. Kwa ongoyamba kumene, tengani liwu limodzi monga "mpata". Liduleni: mpa-ta. Pangani mabanja a maphatikizo: mpa, mpe, mpi, mpo, mpu, ta, te, ti, to, tu. Ophunzira apeze okha mawu atsopano monga mpoto, tate ndi tuta. Okulirapo alembe kalata yothokoza wolondolera njira, kapena malangizo asanu kwa kalasi imene idzapite chaka chamawa.

Mwina mukuti, "Ife ndalama zopitira ku Cape Town kapena ku Livingstone tizitenga kuti?" Musadandaule. Mafunso atatu aja amagwira ntchito pa khwawa lililonse. A ku Mulanje muli ndi Likhubula ndi Ruo, a ku Zomba muli ndi Mulunguzi, a ku Rumphi muli ndi mpata wa Njakwa pa mtsinje wa South Rukuru. Ngakhale chigwembe chimene chikudya munda kuseri kwa sukulu yanu chimakula chobwerera m'mbuyo ngati mathithi a Zambezi. Yambirani pamenepo.

Chidule

M'mutu uno taona kuti mpata umapangika pamene madzi apeza ming'alu m'mwala wolimba. Ku Table Mountain mwalawo ndi wa mchenga, ndipo woyenda amayamba ndi kukwera, akulimbana ndi dzuwa, mphepo ndi mtambo. Ku Batoka mwalawo ndi basalt, mtsinje unatsata ming'alu yopingasa n'kusiya mipata yokhotakhota, ndipo woyenda amamaliza ndi kukwera, pa miyala yakuda yotentha, pafupi ndi madzi amene amadzaza pa nyengo yawoyawo. Taphunziranso kuwerengera nthawi, kusankha ola lobwerera, kukonzekera gulu, ndi kusandutsa ulendo kukhala phunziro la kuwerenga ndi kulemba.

Mafunso odziyesa

1. Tchulani zinthu zitatu zofunika kuti mpata upangike.
2. Kodi basalt amasiyana bwanji ndi dolerite? Nanga ndi mwala wa mchenga?
3. Fotokozani m'mawu anuanu chifukwa chake Zambezi amakhotakhota kumunsi kwa Mosi-oa-Tunya.
4. N'chifukwa chiyani Zambezi amadzaza kwambiri mvula itayamba kale kutha?
5. N'chifukwa chiyani ulendo woyamba ndi kutsika umanyenga ophunzira?
6. Sankhani khwawa, chigwembe kapena mpata wa pafupi ndi sukulu yanu. Lembani dongosolo la ulendo la tsamba limodzi, losonyeza nthawi, ola lobwerera, zonyamula ndi mafunso a ophunzira. Tumizani dongosololi kwa mlangizi wanu pamodzi ndi mayankho a Ntchito 2.